Nyama ya pa Tsanja ndi Mlendo Wodzakhala

Masika apita, chimanga chalowa m'nkhokwe, ndipo mwera wayamba kuomba m'mawa ndi madzulo. Ino ndiyo nyengo ya maukwati, ya maubatizo ndi ya kumanga ziliza, nyengo imene mbuzi ndi ng'ombe zimagwa m'midzi yambiri. Chifukwa chache tati mwezi uno tikambirane zinthu ziwiri zimene poyamba zioneka ngati sizikhudzana: kasungidwe ka nyama, ndi kalandiridwe ka anthu obwera kudzakhala pakati pathu. Ife pa ntchito yathu ya uphunzitsi tayenda m'midzi yambiri, tagona pa mphasa za eni ache ndi kudya m'mbale zao, ndipo taona kuti nyumba imene idziwa kusunga ndiyo imene ikhoza kupatsa. Akulu akale adanena zimenezi m'mau ochepa, kuti kupatsa nkuika.

Chifukwa chiani nyama iola msanga

Nyama yaiwisi mukaigawa panai, magawo atatu ndi madzi okhaokha. M'madzi amenewo ndimo muswana tizirombo tosaoneka ndi maso, timene tioletsa nyama ndi kudwalitsa woidya, ndipo kunja kukatentha tiswana mofulumira koposa. Ntchentche nayo ikatera iikira mazira, ndipo tsiku lisanathe mphutsi zayamba kuyenda. Makolo athu sadaone tizirombo timeneti, koma adadziwa adani ache atatu, ndiwo mchere, mphepo youma ndi moto wa utsi. Mchere utulutsa madzi m'kati mwa nyama, mphepo iwaumitsa pamwamba, moto upha tizirombo, ndipo utsi upirikitsa ntchentche. Luso lonse lagona pa kuchotsa madzi msanga, nyama isanayambe kubvunda. Chotero musadandaule mukaona makilogalamu 3 a nyama yaiwisi atatsika nkukhala kilogalamu 1 kapena kupitirira pang'ono. Chimene chachoka ndi madzi. Chakudya chonse chatsala.

Poyamba pa zonse, nyama ikhale ya chiweto chathanzi, chimene mwachipha nokha kapena mwaona pophedwa. Chiweto chofa chokha musachisende, musachigawe, musachiwambe. Kaitaneni alangizi a ziweto. Pali nthenda yotchedwa anthrax, imene mbeu zache sizifa ndi dzuwa, ndi mchere kapena ndi utsi. M'chaka cha 2011 ku Chama, m'dziko la Zambia, anthu oposa 500 adadwala atagwira ndi kudya nyama ya mvuu zofa zokha mu mtsinje wa Luangwa, ndipo ena adamwalira. M'chaka cha 2018 nthenda yomweyo idapha mvuu zambiri ku Liwonde. Nyama ya nkhumba nayo iyenera kuyang'anitsitsa: mukaona timatuza toyera tonga njere za mpunga m'minofu kapena pa lilime, imeneyo njosayenera kudya. Timatuzato tisanduka njoka ya m'mimba mwa munthu, ndipo mazira a njokayo akafalikira pa mudzi akhoza kubweretsa khunyu. Za nyama za m'tchire, makolo athu ankapita ku uzimba nkubwera ndi yowamba yodzaza madengu, koma masiku amenewo adapita. Nyama zatsala pang'ono, ndipo lamulo limene lidakhwimitsidwa m'chaka cha 2017 lifika pa zaka 30 za ndende kwa wopha nyama zotetezedwa. Mbuzi, nkhosa ndi ng'ombe zathu zikwanira.

Kucheka ndi kuthira mchere

Ntchito iyambe tsiku lomwelo la kupha, dzuwa lisanakwere. Sambani m'manja ndi sopo, tsukani mpeni, ndipo nyama muiike pa masamba oyera a nthochi kapena m'lichero lotsuka, osati pa pfumbi. Sankhani minofu ya ntchafu, ya mwendo wa mwamba ndi ya msana. Chiwindi, mtima, matumbo ndi mutu ziphikidwe lero lomwe, pakuti sizisungika. Mafuta onse muwachotse, chifukwa mafuta sauma. Masiku akapita asanduka owawa ndi onunkha, ndipo aononga ndi nyama yomwe. Muwasungunule pa okha mu mphika, adzathandiza pa ndiwo zamasamba.

Chekani motsata ulusi wa mnofu, mizere yaitali ngati kuchokera ku chala kufika pa kasukusuku, koma yopyapyala, yosaposa kunenepa kwa chala. Pamenepa ndi pamene ambiri aonongera nyama yao. Nthuli yaikulu iuma kunja nkuoneka yabwino, pamene m'kati mwatsala madzi; sabata ikatha mukaithyola, pfungo likuuzani zoona. Mizere yonse ikhale yofanana, kuti iumire pamodzi.

Tsono sungunulani masupuni akulu 9 a mchere m'lita imodzi ya madzi owiritsa ndi ozizira, nimubviike mizereyo kwa mphindi 5, kenaka muidonthetse. Ena akonda kupaka mchere wouma ndi manja nkuisiya mu mphika wobvundikira usiku umodzi. Njira zonse ziwiri nzabwino. Tsabola wosinja athandiza kuingitsa ntchentche ndi kukometsa. Abale athu amene adakhalako ku South Africa adziwa yotchedwa biltong, imene eni ache aithira viniga ndi zonunkhiritsa asanaipachike. Ife madzi a mandimu atichitira chimodzimodzi.

Kuyanika, kuwamba ndi kufutsa

Njira ziripo zitatu, ndipo nyengo ndiyo isankha. Kuyanika kuyenera miyezi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti, pamene mphepo iri youma, kunja kukuzizira, ndipo ntchentche zachepa. Mangani chingwe kapena waya pa malo opita mphepo, m'mwamba mosafikira galu, nimupachike mizere motalikirana, pakuti pamene iwiri yagundana ndi pamene chinyezi chibisala. Mthunzi wopita mphepo uposa dzuwa la phwee, limene liumitsa khungu msanga nkutsekera madzi m'kati. Madzulo muilowetse, mame asaigwere. Pakapita masiku 4 kapena 5 yauma. Inu a ku Mulanje, ku Thyolo ndi ku Blantyre, chenjerani ndi chiperoni: chikagwa, musadikire kuti kuyere, thamangitsirani nyama ku moto.

Kuwamba ndiyo njira ya nyengo zonse, ndipo pa dzinja, monga pa Krisimasi, palibenso ina. Tsanja likhale ngati mita imodzi pamwamba pa moto. Nkhuni zikhale zouma ndi zolimba, monga tsanya, mthethe kapena msuku. Paini ndi bulugamu zipatsa nyama kuwawa. Nkhadze ndiye musaiyandikize konse, utsi wache ngwa poizoni. Matabwa opaka utoto ndi mapulasitiki nazonso zisalowe pa moto umenewu. Tsiku loyamba makala akhale otentha ndithu, kuti nyama ipsye kufikira m'kati. Masiku awiri kapena atatu otsatira moto ukhale wofatsa, wa utsi wambiri ndi malawi ochepa, ndipo muzitembenuza mizere m'mawa, masana ndi madzulo. Lawi lalikulu lipsereza kunja nkusiya m'kati mwamuwisi. Ntchito imeneyi njosayenera munthu wa phuma. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Kufutsa ndiko kuwiritsa mizere m'madzi a mchere kufikira kufiira konse kwatha m'kati, kenaka nkuiyanika kapena kuiwamba. Amai athu achita chomwecho ndi nkhwani, khwanya ndi bowa pokonza mfutso. Odziwa za umoyo wa anthu masiku ano abvomereza nzeru imeneyi: ati nyama itenthe kufika madigiri 71 m'kati mwache isanaumitsidwe, chifukwa tizirombo tina tipirira kuuma koma sitipirira kuwira. Pa nyumba pamene pali ana aang'ono, mai woyembekezera, nkhalamba kapena wodwala, iyi ndiyo njira yosadetsa nkhawa.

Mudzadziwa kuti yauma mukaipinda: ichita timing'alu, ulusi wache uoneka woyera, ndipo pakati palibe chinyontho. Muisiye izizire, nimuikulunge m'chikwatu cha masamba a msuku, kapena muiike m'kadengu kopita mphepo, mupachike pamwamba pa mafuwa pofika utsi wa tsiku ndi tsiku. M'jumbo ya pulasitiki musaike, ichita thukuta nkumera chuku. Sabata iri yonse muitsitse, muinunkhize, muione ngati tizirombo tofumbula sitidalowe, nimuibwezere pa moto kanthawi. Yosamalidwa chotero ikhala miyezi iwiri kapena itatu.

Pophika, muibviike m'madzi, muiwiritse kufikira itafewa, muthire tomato ndi anyezi, ndipo potsiriza nsinjiro. Mizere iwiri yotendera bwino idyetsa nsima banja la anthu asanu ndi mmodzi. Tikumbutsenso ena a inu, amene pa Lachitatu la Phulusa ndi pa masiku Achisanu a Lenti mumati youma si nyama koma chingwe chabe: Eklezia sadapatule nyama ya pa tsanja. Imeneyo idikire Pasaka.

Alendo ali a mitundu iwiri

Nanga nyama imeneyi tiisungira yani? Mai wanzeru sasungira ana ache okha, pakuti adziwa kuti chakudza sichiyimba ng'oma. Mlendo afika dzuwa litapendeka, msika uli kutali, nkhuku zatha ndi chitopa, ndipo pa nkhali pali masamba okha. Mai amene ali ndi chikwatu pa tsanja sachita manyazi kapena kung'ung'udza, angotambasula dzanja. Kuchereza kwa madzulo amenewo kudayamba miyezi iwiri yapita, tsiku limene iye adaletsa ana kutha mbuzi yonse pa phwando.

Pa kulandira mlendo wa pa ulendo, ife a dziko lino sitisowa mphunzitsi. Munthu akati odi, timlandira katundu, timyalira mphasa, timpatsa madzi, ndipo atapuma ndi pamene timfunsa malonje. Ana athamangitsa nkhuku, nthutumba ipita m'mbale ya mlendo, ndipo pobwerera timperekeza kufikira ku mtsinje. Mwambo umenewu ngwokoma, ndipo tisautaye. Koma tinene zoona, ngwosabvuta kwenikweni, chifukwa tidziwa kuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka.

Alipo mlendo wina amene si mame. Ndiye mkamwini wodzamanga nyumba kuseri kwa apongozi, mtengwa wosiya amai ache kutali, mphunzitsi wa sukulu wotumizidwa ndi boma, tenanti wa fodya, wamasiye wobwera ndi ana ache, banja lothawa madzi kapena nkhondo. Tsiku loyamba ameneyunso timphera nkhuku. Mwezi ukatha tiyamba kumuonera patali. Chaka chikatha dzina lache laiwalika, ndipo tingomutchula kuti obwera. Dzina limeneli limata kuposa ulimbo, ndipo ligwira ndi ana ache omwe, obadwira pa mudzi pompano. Pa bwalo akayankhula, wina atsokomola. Pogawa dimba, iye alandira la mchenga. Mbuzi ikasowa, maso onse ayang'ana ku nyumba yache.

Nkhuku idyedwa tsiku limodzi, nthenga nkuuluka. Nyama ya pa tsanja idyedwa pang'ono pang'ono kwa masiku ambiri, ndipo ifuna munthu woikumbukira. Mlendo wodzakhala sasowa phwando. Asowa chikondi cha mtundu wachiwiriwu, chosaoneka kukula pa tsiku limodzi koma chosatha msanga.

Tonse tidachita kubwera

Kodi mwini mudzi weniweni ndani? Achewa asimba kuti makolo ao adachokera ku Uluwa. Angoni a Zwangendaba adaoloka Zambezi m'chaka cha 1835. Ayao adafika kuchokera ku mbali ya kum'mawa kwa nyanja, ndipo Alomwe ambiri adalowa ku Mulanje ndi ku Thyolo kuchokera ku Mozambique kuyambira cha m'ma 1900. Ali yense wa ife akatsata mbiri ya pfuko lache adzapeza gogo wina amene adaima pa khomo la eni ache, mtolo uli pa mutu, nati odi.

Chipembedzo chathu chomwe chidafika ngati mlendo. Ansembe a White Fathers adafika kwa Mponda m'chaka cha 1889, koma sadakhazikike, ndipo adachoka m'chaka cha 1891. M'chaka cha 1901 amishoni atatu a Montfort adafika ku Nzama, m'dera la Ntcheu, osadziwa bwino chinenero, osadziwa njira ya ku madzi, ndipo mfumu Njobvuyalema idawapatsa malo. Chaka chotsatira, 1902, mishoni ya Mua idayamba. Ife tonse amene tidabatizidwa m'dziko lino tidya zipatso za mafumu ndi amai osatchuka dzina amene adapatsa alendo aja malo, moto ndi ufa.

Malembo Oyera atisonyeza mbali zonse ziwiri mwa munthu mmodzi. Ku Mamre, Abrahamu adaona anthu atatu a pa ulendo dzuwa liri pa mutu, nawathamangira. Sara adakanda miyeso itatu ya ufa, mwana wa ng'ombe adaphedwa, ndipo pambuyo pache kudadziwika kuti adachereza Mulungu mwini. Koma Abrahamu yemweyo, Sara atamwalira ku Hebroni, adalibe ndi pomuika pomwe, chifukwa adali wobwera m'dziko lija. Adachita kugula phanga la Makipela ndi ndalama 400 za siliva. Ambuye athu Yezu Kristu nawo, ali khanda, adakhala obwera ku Ejipito pamodzi ndi Maria Woyera ndi Yosefe Woyera, ndipo adatiphunzitsa kuti pa tsiku la chiweruzo chimene tidachitira mlendo adzachiwerenga ngati chochitira Iwo eni.

Dziko lathu lidakhozapo mayeso amenewa. Kuyambira m'chaka cha 1986 nkhondo ya ku Mozambique idathamangitsira anthu kuno, ndipo pofika 1992 adaposa 1,000,000, ndiye kuti pa anthu khumi ali onse okhala m'Malawi mmodzi adali wothawa nkhondo. Ambiri, makamaka ku Dedza ndi ku Ntcheu, sadakhale m'misasa koma m'midzi, natunga pa zitsime zathu ndi kutola nkhuni m'mapiri athu, kufikira mtendere udasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Makolo athu adali osauka kuposa ife, koma sadatseke zitseko. M'mwezi wa Malichi 2023 namondwe Freddy adapha anthu oposa 1,000 m'chigawo cha kum'mwera, ndipo oposa 500,000 adasiya nyumba zao. Ena a iwo sadabwerere, ndipo lero akhala pa benchi la kumbuyo m'matchalitchi athu.

Zimene tidaona pa mudzi wina

Pa tchalitchi lina laling'ono limene timayenderako padafika banja lochokera ku chigwa cha Shire madzi atawalanda zonse: bambo, mai ndi ana anai. Mfumu idawapatsa malo kumapeto kwa mudzi. Lamulungu loyamba Akristu adawaombera m'manja. Lachitatu lache palibe adawafunsa kanthu, ndipo ana a pa mudzi adayamba kuseka kayankhulidwe ka ana ao, pakuti kwao ayankhula Chisena. Patapita miyezi iwiri tidaona kuti benchi lao liri lopanda anthu.

Padali mai wina wokalamba, wamasiye, wosadziwa kuwerenga, amene nyumba yache idali pafupi. Iye sadaitanitse msonkhano. Madzulo ena adatsitsa chikwatu chache, natenga mizere iwiri ndi kambale ka nsinjiro, napita kukaima pa khomo paja nati: "Odi kuno, amache a mwana. Ine mano adatha, nyama iyi indikanika. Mundiphikire inu, tidyere pamodzi." Taonani nzeru ya mai ameneyu: sadapite ngati wopatsa, adapita ngati wopempha, kuti mnzache asachite manyazi. Adabwereza sabata yotsatira, nabwerezanso. M'mawa ankamuitana popita ku chitsime, ndipo Lamulungu ankaima pa njira kufikira banja lonse litatuluka.

Tsono zidadziwika kuti bambo uja adali katswiri wowamba milamba kwao ku madambo a Shire. Mbuzi itaphedwa pa ukwati wina m'nyengo ya mvula, iye adaumba ng'anjo ya dothi yotsekera utsi, naika mawaya m'mizere itatu, ndipo nyama idauma bwino ndi nkhuni zochepa kuposa za pa tsanja la poyera. Lero mabanja angapo pa mudzi umenewo ali ndi ng'anjo zotero, ndipo mwana wamkulu wa banja lija ndiye atumikira pa Misa wansembe akabwera. Akulu adanenadi zoona kuti mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Koma kalumoko kakadakhala m'thumba mpaka lero, pakadapanda mai wokalamba uja ndi mizere yache iwiri.

Tichitenji tsono

Monga nyama ifuna mchere tsiku lomwelo, wobwera afuna ife m'masiku oyamba. Mtima wa munthu wosiyidwa yekha suchedwa kuwawa, ndipo ukawawa nkobvuta kuubweza. Musadikire kuti iye ayambe kudzakuonani. Ali ndi manyazi, ndipo sadziwa khomo loyenera kuyamba. Mumperekeze kwa a mfumu kuti adziwike. Mumuonetse chitsime, chigayo, chipatala ndi njira ya ku sukulu. Mumuuze kuti akhoza kudzapala moto kwanu nthawi iri yonse. Mumuuzenso miyambo ya pa mudzi, ya ku manda ndi ya ku madzi, asanailakwire, pakuti nkulakwa kuweruza munthu pa lamulo limene palibe adamuuza.

Pambuyo pache pafunika moto wofatsa. Musamuunjikire mafunso, kuti kwanu mudachokeranji, mwamuna wanu ali kuti, mudasiya chiani. Ena adaona zinthu zimene pakamwa sipafuna kunena. Adzakuuzani yekha nthawi yache ikakwana. Ana anu muwalangize kuti kuseka chinenero cha mnzao ndi tchimo loyenera kulapa, ndipo inu akulu musaseke iwo akumva.

Inu atsogoleri a miphakati ndi a malimana, Maepiskopi a kum'mawa kwa Afrika adakhazikitsa timagulu timeneti m'zaka za 1973 ndi 1976 kuti pasakhale Mkristu wosadziwika dzina. Tsono funso loyamba kwa wobwera lisakhale la mtulo kapena la khadi la ubatizo. Mapepala ena adapita ndi madzi, ena adapsya. Zimenezo mphunzitsi ndi Bambo Mfumu adzalongosola polembera ku parishi ya kwao. Yambani ndi dzina lache ndi maina a ana ache, nimuwatchule m'mapemphero. Kenaka mumpatse ntchito, kaya kuwerenga, kaya kuyimba, kaya kusesa, kaya kuyendera odwala. Munthu wongolandira akhala mlendo mpaka kale. Wopatsidwa khasu asanduka mbale.

Ndipo musaiwale za maliro. Nkhawa yaikulu ya wobwera, imene sainena, ndiyo ya Abrahamu: ndikafa kuno, kapena mwana wanga akafa, adzatiika ndani, ndipo kuti? Zobvuta zikagwa pa nyumba yache, pitani nonse monga mupitira kwa mwini mudzi. Gonani pa siwa, tungani madzi, kumbani manda, bweretsani ufa ndi ndiwo za pa tsanja. Banja limene mudalira nalo silidzadzitchanso lachilendo.

Wobwera akakhala wa mpingo wina kapena Msilamu, chikondi nchomwecho. Msilamu sadya nkhumba, ndiponso sadya nyama yosazingidwa mwa mwambo wao. Mfunseni mwaulemu, ndipo ngati pali chikaiko mphikireni nsomba kapena nyemba. Kumpatsa chakudya chimene chipembedzo chache chiletsa, iye osadziwa, si kuchereza koma chinyengo.

Tidziwa kuti ena a inu muti, ife tomwe tiri osauka, minda yachepa, tigawa chiani? Nzoona kuti minda yachepa, ndipo za malo ziri m'manja mwa a mfumu ndi malamulo a dziko. Koma moni sagula, kuperekeza ku chitsime sikutha ufa, ndipo mai wokalamba uja adalibe ng'ombe. Ena muti, nanga akakhala wakuba? Nchifukwa chache tati aonekere kwa a mfumu, ndipo nchifukwa chachenso muyenera kumuyendera. Munthu amene mudya naye mumdziwa msanga kuposa amene mungomsuzumira pa mpanda. Kumbukiraninso ana anu amene ali ku Lilongwe, ku Lusaka ndi ku Johannesburg: kumeneko obwera ndi iwo, ndipo usiku uno wina awatsegulira chitseko kapena awatsekera. Chaona mnzako chapita, mawa chiri pa iwe.

Chotero, Akristu anzathu, mwezi uno mbuzi ikagwa pa nyumba panu, musathe yonse tsiku limodzi. Patulani ntchafu imodzi, muicheke, muithire mchere, muipachike. Ndipo pa pemphero la madzulo, bambo afunse banja lonse kuti, ndani adafika pa mudzi pano chaka chino amene sitidalowe m'nyumba mwache? Dzina likapezeka, musadikire Lamulungu. Banja Loyera la ku Nazareti, limene lidadziwa kukhala m'dziko la eni, lisunge nyumba zanu ndi onse olowamo.